Harvard Law Review: zimene dzina lake limatsimikizira ndi zimene silitsimikizira

Ku Britain, ku South Africa ngakhalenso ku Malawi kuno, nkhani ya katswiri wa malamulo isanatuluke m'magazini yolemekezeka imayamba yadutsa m'manja mwa akatswiri anzake, iwo n'kunena ngati ili ndi mutu kapena ayi. Ku America zinthu sizili choncho. Magazini otchuka kwambiri a zamalamulo kumeneko ali m'manja mwa ophunzira amene digiri ya zamalamulo sanaitenge n'komwe, ndipo ndi iwowa amene amagamula kuti nkhani ya pulofesa uyu ituluke, ya uyo ibwerere kwa mwini wake. Pa magazini onse otere, imene dzina lake limalemera kwambiri ndi Harvard Law Review, yomwe inayamba kutuluka pa 15 Epulo 1887 mumzinda wa Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts.

Maganizo athu ndi awa. Magaziniyi ndi yoyenera kuiwerenga, ndipo pa ntchito yotsimikizira maumboni ndi ochepa amene angafanane nayo. Koma dzina lakelo limakutsimikizirani zochepa kuposa mmene ophunzira ambiri a zamalamulo amaganizira. Limakuuzani kuti buku kapena mlandu umene wolemba watchula ulipodi ndipo ukunenadi zimenezo. Silikuuzani kuti mfundo ya wolembayo ndi yoona, ndipo silikuuzani n'komwe kuti mfundoyo ingagwire ntchito m'khoti la ku Blantyre kapena ku Lusaka.

Muyambe mwadziwa chimene mwagwira m'manja. Magaziniyi imatuluka ka 8 pachaka, mwezi ndi mwezi kuyambira Novembala mpaka Juni, ndipo zonsezo zikaphatikizidwa zimapanga voliyumu imodzi ya masamba oposa 2,000. Manambala a masamba sayambiranso pa 1 mwezi uliwonse, amangopitirira mpaka voliyumu itatha. Mwini wake si yunivesite ya Harvard ayi. Ndi bungwe loima palokha la ophunzirawo, ndipo ofesi yawo ili m'nyumba yakale yotchedwa Gannett House, pasukulu ya zamalamulo pomwepo.

M'kati mwake muli zinthu zosalingana kulemera. Muli nkhani zikuluzikulu zolembedwa ndi mapulofesa, nthawi zina majaji kapena maloya. Muli ndemanga za mabuku, zina zazitali ngati nkhani zenizeni. Ndiye muli zolemba za ophunzira eni ake: zotchedwa Notes, zimene zimaunika funso limodzi la zamalamulo, ndi Recent Cases, zimene zimafotokoza ndi kutsutsa kapena kuyamikira chigamulo chatsopano m'masamba ochepa. Zolemba za ophunzirazi sizikhala ndi dzina la wolemba, poti zimadutsa m'manja ambiri zisanatuluke. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Munthu amalemba mu kafukufuku wake kuti "Harvard Law Review yanena zakuti", pamene chimene wawerengacho ndi maganizo a wophunzira wa chaka chachiwiri. Njira yozindikirira ndi yosavuta: ngati pamwamba palibe dzina la munthu, kapena ngati umboniwo ukuyamba ndi liwu loti Note kapena Recent Case, dziwani kuti ndi ntchito ya wophunzira. Ikhoza kukhala yabwino ndithu, ndipo zina mwa izo makhoti a ku America amazitchula, koma muiyeze pa mlingo wake.

Magazini ya Novembala ndi imene anthu amaidikira kwambiri. Yonse imakamba za chaka chathachi cha khoti lalikulu kwambiri la America, Supreme Court. Imayamba ndi nkhani yaitali yotchedwa Foreword, imene katswiri mmodzi amachita kupemphedwa kuti alembe, kenako ndemanga za mapulofesa pa milandu ikuluikulu, kenako ophunzira amafotokoza milandu ina, ndipo pamapeto pali matebulo osonyeza kuti jaji aliyense analemba zigamulo zingati ndiponso anagwirizana kangati ndi mnzake uti. Wofuna kumvetsa kumene khoti limeneli likulowera asavutike ndi kwina, ayambire pamenepa. Kwa owerenga a m'mayiko athu ano, Foreword ya 2002 ndi yothandiza mwapadera, chifukwa anailemba ndi Aharon Barak, amene pa nthawiyo anali mkulu wa khoti lalikulu la Israel, ndipo ikukamba za udindo wa jaji m'dziko la demokalase mosatsamira malamulo a America okha.

Palinso zinthu ziwiri zosokoneza. Choyamba, magaziniyi ili ndi gawo la pa intaneti lotchedwa Harvard Law Review Forum, mmene mumatuluka nkhani zazifupi, zambiri zoyankha nkhani za m'magazini yosindikizidwa. Potchula umboni wochokera mmenemo amawonjezera chilembo F kumapeto. Chachiwiri, pasukulu yomweyo pali magazini ena ambiri a ophunzira okhala ndi dzina la Harvard, monga Harvard International Law Journal ndi Harvard Human Rights Journal. Awa ndi mabungwe ena, akonzi ake ndi ena, kasankhidwe kake n'kosiyana. Nkhani yotchuka ya Makau Mutua wa ku Kenya, Savages, Victims, and Saviors, inatuluka mu 2001 mu Harvard International Law Journal, osati mu Harvard Law Review. Ndipotu nkhani zokhudza Africa mudzazipeza kwambiri m'magazini enawa.

Nanga ophunzira amenewa ndi ndani? Ku America munthu amayamba maphunziro a zamalamulo atatenga kale digiri ina, ndiye amaphunzira zaka 3 kuti atenge digiri ya zamalamulo yotchedwa JD. Akonzi a magaziniyi ndi a chaka chachiwiri ndi chachitatu. Chaka choyamba chikangotha, ofuna kulowa amachita mpikisano wa pafupifupi sabata yathunthu. Amapatsidwa ntchito ziwiri: kukonza nkhani imene mwadala aithiramo zolakwika zambirimbiri, ndi kulemba ndemanga pa chigamulo chimodzi pogwiritsa ntchito mulu wa mapepala amene apatsidwa. Chaka chilichonse amatenga anthu pafupifupi 50 pa kalasi ya anthu oposa 500. Ena amalowa chifukwa cha mpikisano wokha, ena chifukwa cha mpikisano pamodzi ndi magiredi, ena pounika zonse za munthuyo. Mpikisanowu ndi wa ophunzira a JD, choncho loya wochokera kuno amene wapita ku Harvard kukachita digiri ya masitala ya chaka chimodzi yotchedwa LLM asayembekezere mpando umenewu.

Ntchito imene imapatsa magaziniyi ulemu wake weniweni ndi yotopetsa, ndipo ndi bwino kuiona pafupi. Nkhani ikavomerezedwa amaiduladula, mkonzi aliyense n'kupatsidwa gawo lake la mawu a m'munsi mwa tsamba, amene amatchula maumboni. Tinene kuti mawu a m'munsi a nambala 143 akutchula chigamulo china, tsamba 512. Mkonziyo sakhulupirira wolemba. Amakatenga chigamulocho, n'kutsegula tsamba 512, n'kuyerekeza mawu ogwidwawo chilembo ndi chilembo, mpaka kakoma ndi kadontho. Kenako amadzifunsa ngati chigamulocho chikunenadi zimene chiganizo cha pamwambapo chikunena, kapena wolemba wachikoka kuti chimukomere. Amafufuzanso ngati chigamulocho sichinathetsedwe ndi khoti lapamwamba. Ngati wolemba wanena chinthu popanda umboni, mkonzi amalemba m'mbali kuti umboni ubwere. Nkhani imodzi ikhoza kukhala ndi mawu a m'munsi 300 kapena 400, ndipo onsewo amadutsa m'njira imeneyi, kenaka mkonzi wamkulu amabwerezanso. N'chifukwa chake mukatsegula magaziniyi mumapeza masamba ena ali ndi mizere inayi yokha ya nkhani pamwamba, m'munsi monsemo muli timalemba ting'onoting'ono ta maumboni.

Magazini ambiri ounikidwa ndi akatswiri alibe anthu ochuluka chonchi ochita ntchito imeneyi, ndipo pamenepa Harvard Law Review imawaposa. Kwa wofufuza, mawu a m'munsiwo nthawi zambiri ndi amtengo wapatali kuposa nkhaniyo, chifukwa amakulozerani milandu, mabuku ndi nkhani zonse zofunika pa mutuwo. Koma muyenera kudziwa kuwerenga timawu timene timayambirira umboni, poti tili ndi matanthauzo okhazikika. Pakakhala popanda kamawu kalikonse, ndiye kuti umboniwo ukunena ndendende zimene wolemba wanena. Pakakhala See, umboniwo ukuchirikiza mfundoyo koma pali kasitepe ka kuganiza pakati. Cf. akutanthauza kuti umboniwo ukukamba china chake chongofanana ndi mfundoyo, ndipo ndi umboni wofooka. But see akutanthauza kuti umboniwo ukutsutsana ndi wolemba. Id. akulozera umboni womwe wangotchulidwa pamwambapa. Wophunzira amene amangokopera milandu yonse ya m'munsi osayang'ana timawuti amapezeka watchula mlandu wotsutsa mfundo yake ngati woichirikiza, ndipo loya wa mbali ina kapena mphunzitsi woyesa kafukufuku sachedwa kuzigwira.

Vuto lili pa kusankha nkhani. Wophunzira wa chaka chachiwiri akhoza kuona kuti mawu ogwidwa alakwika, koma n'kovuta kuti adziwe ngati mfundo ya pulofesa wa malamulo a misonkho ndi yatsopanodi kapena inanenedwa kale zaka 30 zapitazo, kapena ngati masamu a kafukufuku wake ali bwino. Akonziwa ali ngati munthu wa sikelo pamsika: akutsimikizirani kuti thumba lakwana makilogalamu 50, koma za anankafumbwe amene ali m'chimangamo muone nokha. Jaji Richard Posner, amene iyenso anali mtsogoleri wa magaziniyi ali wophunzira, anadandaula zomwezi mu 2004: ophunzira ankakwanitsa kale pamene nkhani zambiri zinali zongosanthula zigamulo, koma lero nkhani zambiri zimalowa m'zachuma, mbiri yakale, filosofi ndi ziwerengero, zimene akonziwo sanaziphunzire mokwanira.

Kachitidwe ka msika wa nkhanizi kamawonjezera vutolo. Ku America wolemba amaloledwa kutumiza nkhani imodzi ku magazini ambirimbiri nthawi imodzi, makamaka mu Febuluwale ndi Malichi, ndiponso mu Ogasiti. Magazini yaing'ono ikangomuvomera, amathamangira kwa aakulu n'kuwauza kuti afulumire poti kwina amulandira kale. Motero akonzi amalandira nkhani masauzande, n'kumagamula mothamanga, ndipo munthu wothamanga amayang'ana zizindikiro zapafupi: wolembayu akuphunzitsa kuti, anatulutsapo nkhani kuti. Kunena chilungamo, Harvard Law Review inayesetsa kutseka mipata ina. Imapempha kuti dzina la wolemba lichotsedwe pankhani, imafunsa maganizo a mapulofesa odziwa mutuwo isanavomereze, ndipo pomaliza akonzi onse amavota. Mu 2005 inagwirizana ndi magazini ena aakulu kuti nkhani zifupikitsidwe, ndipo imakonda nkhani zosapitirira mawu 25,000, kuphatikizapo a m'munsi. Mu 2011 magazini aakuluwa analonjezanso kupatsa wolemba masiku osachepera 7 oti aganize asanayankhe. Izi zinathandiza, koma wogamula pomaliza akadali wophunzira, ndipo zokonda za ophunzira zimaonekera: malamulo oyendetsera dziko la America, ufulu wa anthu, mphamvu za pulezidenti ndi za makhoti zimapeza malo ambiri, pamene nkhani za malo, za misonkho, za mabanja kapena za malamulo a mayiko ena zimaoneka patalipatali.

Ndiye kodi kutchuka kwakeko kunachokera kuti? Mbali ina ndi anthu amene anadutsamo. Barack Obama anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa magaziniyi mu 1990, munthu wakuda woyamba pa mpandowo. Charles Hamilton Houston, amene pambuyo pake anatsogolera milandu yolimbana ndi tsankho m'sukulu za America, anali mkonzi wakuda woyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Ruth Bader Ginsburg, Antonin Scalia, Stephen Breyer, John Roberts, Elena Kagan ndi Ketanji Brown Jackson, onse amene anadzakhala majaji a Supreme Court, anali akonzi. Koma izi zikungosonyeza kuti magaziniyi ndi khomo lolowera ku ntchito zapamwamba, makamaka ntchito yothandizira majaji kulemba zigamulo. Sizikutiuza kanthu za ubwino wa nkhani imene mukuwerenga lero.

Umboni wolimba ndi nkhani zimene zinasinthadi malamulo, ndipo palibe yoposa The Right to Privacy, imene Samuel Warren ndi Louis Brandeis, maloya awiri amene anagwirapo ntchito limodzi ku Boston, anatulutsa mu Disembala 1890. Nthawi imeneyo makamera a m'manja anali atangofika, nyuzipepala zinali zitayamba kulemba za m'nyumba za anthu, ndipo lamulo linkateteza katundu wa munthu ndi mbiri yake koma osati moyo wake wachinsinsi. Awiriwa anasonkhanitsa milandu yakale, yambiri ya ku England monga Prince Albert v Strange wa 1849, n'kunena kuti pansi pa zigamulo zonsezo pali mfundo imodzi imene majaji sanaitchule dzina: munthu ali ndi ufulu wosiyidwa pa mtendere. Makhoti sanalandire msanga. Mu 1902, pa mlandu wa Roberson v Rochester Folding Box Co, mtsikana wina anadandaula kuti chithunzi chake chaikidwa pa zikwangwani zotsatsa ufa wa tirigu iye osapemphedwa, koma khoti lalikulu la New York linakana, majaji 4 kwa 3, ponena kuti ufulu wotere kulibe. Anthu anakwiya, ndipo mu 1903 nyumba ya malamulo ya New York inakhazikitsa lamulo loletsa kugwiritsa ntchito dzina kapena chithunzi cha munthu pa malonda popanda chilolezo. Mu 1905 khoti lalikulu la Georgia, pa mlandu wa Pavesich, linavomereza ufuluwo. Brandeis atakhala jaji wa Supreme Court anabwereza mfundo yomweyo mu 1928 pa mlandu wa Olmstead wokhudza apolisi omvetsera mafoni a anthu, koma anagonja pa mavoti. Khotilo linadzasintha maganizo mu 1967 pa mlandu wa Katz. Kuchokera pa nkhani ya m'magazini kufika pa chigamulo chimenechi panadutsa zaka 77.

Tsopano taonani mbali ina ya nkhani yomweyi, imene ikutikhudza ife. Ngakhale Warren ndi Brandeis anamanga mfundo yawo pa milandu ya ku England, makhoti a ku England sanawatsatire. Mu 2003, pa mlandu wa Wainwright v Home Office, House of Lords, imene pa nthawiyo inali khoti lalikulu kwambiri kumeneko, inanena poyera kuti m'malamulo awo mulibe mlandu woima pawokha wophwanya chinsinsi cha munthu, ndipo chitetezo chimene chilipo chinakula kudzera njira ina, ya kuulula zimene munthu anauzidwa mwachinsinsi, monga pa mlandu wa Campbell v MGN mu 2004. Malawi inatengera malamulo a England, osati a America. Loya wa kuno amene akufuna kuteteza chinsinsi cha kasitomala wake ayambire pa gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko a 1994, limene likutchula kusechedwa kwa munthu, nyumba kapena katundu wake, kulandidwa zinthu zake, ndi kulowerera makalata ndi mauthenga ake. Gawo 11 likulola khoti, pomasulira malamulowa, kuganizira zigamulo za makhoti a mayiko ena pa nkhani zofanana. Likunena za zigamulo, osati nkhani za m'magazini. Choncho njira yanzeru ndi kugwiritsa ntchito nkhaniyo kuti ikuthandizeni kuganiza ndi kukulozerani milandu, ndiye kukhoti mukapereke milanduyo, mutafotokoza chifukwa chake ikufanana ndi zathu.

Pali nkhani zina za m'magaziniyi zimene zinawoloka nyanja mosavuta, chifukwa sizidalira malamulo a dziko limodzi. The Path of the Law ya Oliver Wendell Holmes, ya 1897, ndi imodzi. Ina ndi mtsutso wa H.L.A. Hart wa ku Oxford ndi Lon Fuller wa ku Harvard, umene unatuluka m'magazini imodzi mu Febuluwale 1958, nkhani ya Hart pa tsamba 593, yankho la Fuller pa tsamba 630. Ankakangana ngati lamulo loipitsitsa likadali lamulo, ndipo chitsanzo chawo chinali mayi wa ku Germany amene ananenera mwamuna wake kwa akuluakulu a boma chifukwa chonyoza Hitler, kenaka nkhondo itatha mayiyo anazengedwa mlandu. Dziko lililonse limene linadutsa mu ulamuliro wankhanza n'kufuna kuweruza zimene zinachitika mwalamulo pa nthawiyo limakumana ndi funso limeneli. Ngati muli ndi nthawi yowerenga zinthu ziwiri zokha m'magaziniyi, werengani ziwirizi, zonse mpaka kumapeto, osati chidule cha m'manotsi a kalasi.

Mu 2012 Fred Shapiro ndi Michelle Pearse anatulutsa mndandanda wa nkhani za zamalamulo zimene zatchulidwa kwambiri m'mbiri yonse. Yoyamba inali ya Ronald Coase, ya m'magazini ina, koma kuyambira yachiwiri mpaka yachisanu ndi chimodzi zonse zinali za Harvard Law Review. Chiwerengero chimenechi chikufunika kuchimvetsa bwino. Kutchulidwa kwambiri si kuvomerezedwa kwambiri. Nkhani ya Herbert Wechsler ya 1959, imene ili pa nambala 5, inakayikira maziko a chigamulo cha Brown v Board of Education cha 1954 chimene chinathetsa tsankho m'sukulu, ndipo ambiri amene amaitchula amaitchula pofuna kuitsutsa. Derrick Bell anaiyankha m'magazini yomweyi mu 1980, n'kubweretsa mfundo yake yotchuka yakuti ufulu wa anthu akuda umapita patsogolo pokhapokha ukagwirizana ndi zofuna za azungu olamulira. Ubwino wa magaziniyi ndi umenewu: mitsutso ikuluikulu imachitikira pamenepa. Koma wotchula mbali imodzi ayenera kufufuza amene anaiyankha.

Ngakhale kwawo komweko, mphamvu yake pa majaji si mmene inalili kale. John Roberts, mkulu wa majaji ku America, ananena mu 2011 kuti munthu akatsegula magazini ya zamalamulo amapeza nkhani zonga za mmene maganizo a Kant, katswiri wa filosofi wa ku Germany, anakhudzira malamulo a umboni ku Bulgaria m'zaka za m'ma 1700, zimene zimasangalatsa wolemba koma sizithandiza maloya. Jaji Harry Edwards anadandaula zofananazo mu 1992. Olembetsa magazini yosindikizidwa anali oposa 10,000 m'zaka za m'ma 1960, koma pofika 2011 anali osakwana 2,000, ngakhale kuti mbali yaikulu ya kutsikaku ndi chifukwa choti anthu anasamukira pa intaneti.

Ufulu wa ophunzirawo wayesedwanso posachedwapa. Chakumapeto kwa 2023 akonzi anapempha Rabea Eghbariah, loya wa ku Palestine amene ankachita digiri yapamwamba kwambiri ya zamalamulo ku Harvard, kuti alembe nkhani ya pa intaneti yokhudza Palestine. Nkhaniyo inakonzedwa, koma akonzi onse atakumana anavota kuti isatuluke, ndipo inakatuluka mu The Nation, magazini ina ya ku America. Mu Juni 2024 Columbia Law Review itatulutsa nkhani yake yaitali pa mutu womwewo, bodi yoyang'anira magaziniyo inatseka webusaiti kwa masiku angapo. Mu Epulo 2025 boma la America linalengeza kuti likufufuza ngati Harvard Law Review imayang'ana mtundu wa munthu posankha akonzi ndi nkhani. Kaya munthu aime mbali iti pa nkhani zimenezi, phunziro kwa wowerenga ndi lakuti zimene zimatuluka ndi zimene zimatsala zimadalira anthu achinyamata amene amasintha chaka ndi chaka, amene akuganiziranso za ntchito zimene akufuna akamaliza sukulu. Komiti ya chaka chino si ya chaka chatha.

Palinso Bluebook, buku la malamulo a katchulidwe ka maumboni, limene Harvard Law Review imalikonza pamodzi ndi magazini a ku Columbia, Pennsylvania ndi Yale. Linayamba mu 1926 ngati kabuku kakang'ono, lero ndi la masamba oposa 300, ndipo kope la nambala 22 linatuluka mu 2025. Ngati simukulembera magazini ya ku America, musawononge ndalama zanu. Kuno ambiri amatsatira kalembedwe ka ku Britain monga OSCOLA, kamene kamapezeka kwaulere. Chofunika n'kudziwa kumasulira umboni wa Bluebook mukaupeza. Mukaona 4 Harv. L. Rev. 193 (1890), nambala yoyamba ndi voliyumu, yachiwiri ndi tsamba limene nkhani yayambira, ndipo pakabwera nambala ina pambuyo pa chizindikiro cha koma (,) ndiye tsamba lenileni pamene pali mawuwo. Kuti mudziwe chaka chimene voliyumu inayamba, onjezani 1886 pa nambala ya voliyumu: voliyumu 71 inayamba mu Novembala 1957 ndi kutha mu Juni 1958. Ambiri amalakwitsa pamenepa polemba chaka chimene voliyumu inayamba pa nkhani imene inatuluka pambuyo pa Disembala.

Kupeza magaziniyi sikovuta ngati kale. Nkhani za zaka zaposachedwa zili pa webusaiti yawo ndipo mungathe kuzitsitsa ngati PDF popanda kulipira. Tsitsani PDF, osangowerenga pa tsamba la intaneti, chifukwa mu PDF ndi mmene manambala a masamba amaoneka bwino potchula umboni. Zakale zili pa JSTOR ndi HeinOnline, nkhokwe za magazini za pa intaneti, ngati laibulale ya sukulu yanu inalembetsa, ndipo zakale kwambiri monga za 1890 ndi 1897 zimapezeka kwaulere poti umwini wake unatha. Mukapeza nkhani pa SSRN, webusaiti imene akatswiri amaikapo zolemba zawo, samalani: nthawi zambiri imakhala yoyambirira, isanadutse m'manja mwa akonzi, ndipo masamba ake ndi mawu ena amasiyana ndi yomaliza. Musanatchule nkhani iliyonse ya zaka zoposa 5 zapitazo pa malamulo a America, fufuzani ngati milandu imene yatsamirapo ikadali ndi mphamvu. Supreme Court inagwetsa Roe v Wade (wa ufulu wochotsa mimba) mu 2022 ndi Chevron (wa mphamvu za nthambi za boma) mu 2024, ndipo nkhani zambirimbiri zomangidwa pa milandu iwiriyi tsopano ndi mbiri chabe.

Kwa mphunzitsi wa zamalamulo wa kuno amene akulakalaka kutumiza nkhani ku Harvard Law Review, khomo silotseka, koma nkhaniyo iyenera kuyankha funso limene owerenga a ku America akulimbana nalo, ndipo iyenera kukhala ndi maumboni pafupifupi pa chiganizo chilichonse. Nkhani yabwino kwambiri yokhudza malo a makolo ku Malawi kapena ufumu ku Zambia ikhoza kubwezedwa osati chifukwa ndi yofooka, koma chifukwa akonzi alibe poiyezera. Ndipo chizolowezi chotumiza nkhani imodzi kwa ambiri musachibweretse ku magazini ounikidwa ndi akatswiri monga Journal of African Law, African Human Rights Law Journal ya ku Pretoria kapena South African Law Journal, imene inayamba mu 1884, zaka 3 Harvard Law Review isanabadwe. Kumeneko amafuna kuti nkhani ikhale kwa iwo okha mpaka atayankha, ndipo akadziwa kuti ili kwinanso akhoza kuibweza osaiwerenga. Pa mafunso a malamulo oyendetsera dziko m'chigawo chathu chino, nkhani za Etienne Mureinik mu 1994 ndi Karl Klare mu 1998, zonse mu South African Journal on Human Rights, zili pafupi kwambiri ndi zimene majaji athu amakumana nazo kuposa nkhani zambiri za m'mavoliyumu a Harvard a zaka zomwezo.